Galimoto ikumazima mafuta akafika pa kotala: ndi fyuluta kapena pampu?

Wophunzira:
Akuluakulu, ndiunikireni pa vuto ili. Galimoto ya petulo ya ma injector, pampu yake ili m'kati mwa thanki. Thanki ikakhala yodzaza kapena pa theka, imayenda bwinobwino. Geji ikangotsika kufika pa kotala imayamba kudukiza pokwera mtunda, ndipo pokhota kona yaitali nthawi zina imazimiratu. Ukaisiya pang'ono n'kuliza, imalira ngati palibe chachitika. Ena akuti sinthani fyuluta, ena akuti pampu yatha. Poyambira mpoti kuti munthu asamangogula zipangizo mongolota?

Madala a Garaja:
Achimwene, theka la yankho lili m'funso lanu lomwelo. Vutoli likutsatira kuchuluka kwa mafuta m'thanki. Fyuluta ya kunja kwa thanki sidziwa kuti m'thankimo muli malita 40 kapena 8. Iyo ikatsekeka yatsekeka basi, ndipo imavutitsa nthawi iliyonse yomwe injini ikufuna mafuta ambiri: pokwera, popitirira galimoto ina, ponyamula katundu wolemera, kaya thanki ndi yodzaza kaya ayi. Tsono ngati pa theka galimotoyo imakwera mtunda womwewo osatsamwa, maso anu akhale m'kati mwa thanki.

Koma mutsimikize kaye, chifukwa mwini galimoto amanena zomwe akukumbukira, osati zomwe anayeza. Sankhani mtunda umodzi, giya imodzi, katundu wofanana. Kwerani geji ili pa kotala, muone pomwe yayambira kudukiza. Thiranimo malita 15 kapena 20, mukwerenso. Vuto likatha, fyuluta ya kunja ichotseni pamwamba pa mndandanda. Likakhalapobe, ndiye kuti nkhani ya kotala inangochitika mwangozi, ndipo fyuluta, mapulagi ndi ma coil zonse zabwereranso m'bwalo.

Sipana Teni:
Madala, kodi si zinyalala za pansi pa thanki zimenezo? Mafuta akachepa pampu imayamba kukoka matope ndi dzimbiri zomwe zinadikha pansi, fyuluta n'kutsekeka.

Madala a Garaja:
Mawu amenewo amanenedwa kwambiri koma ndi oona mbali imodzi yokha. Pampu siyandama pamwamba pa mafuta n'kumatsika nawo. Kukamwa kwake kumakhala pansi penipeni, mamilimita ochepa kuchokera pa chitsulo kapena pulasitiki ya thanki, tsiku lililonse. Zomwe zadikha pansi imakumana nazo ngakhale thanki itadzaza mpaka pakhosi. Madzinso chimodzimodzi: lita ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 740, ya dizilo pafupifupi 830 mpaka 840, ya madzi 1,000, ndiye madzi amakhala pansi nthawi zonse.

Chomwe chimasintha mafuta akachepa ndi ichi: mafuta ochepa amakhuvuka kwambiri pa mabampu, amavundula za pansizo, ndipo zinyalala zomwe zikanabalalika m'malita 40 tsopano zili m'malita 6. Zoyandama, monga tizidutswa ta labala kapena nsalu imene wina anatsekera pakamwa pa thanki, nazo zimatsika kufika pa kasefa ka kukamwa kwa pampu. Zimamatirira pa kasefa pampu ikamakoka, mukazimitsa zimagwa. N'chifukwa chake galimoto imaliranso mukaisiya mphindi zingapo. Koma dziwani kuti chomwe chatsekeka apa ndi kasefa ka kukamwa kwa pampu, osati fyuluta ya kunja. Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kasefa kamagwira zinyalala zikuluzikulu, za ma micron 70 mpaka 100 (ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi). Fyuluta ya pambuyo pa pampu imagwira zing'onozing'ono, za ma micron 10 kapena pafupi ndi pamenepo.

WaToyota:
Ndiwonjezere pa za m'thanki, chifukwa apa ndi pomwe pagona nkhani ya kuzima pa kona.

M'galimoto zambiri za masiku ano pampu sikhala yokha m'thanki. Imakhala m'kachidebe ka pulasitiki. Ntchito ya kachidebeko ndi kusunga mafuta pafupi ndi pampu pamene ena onse athawira mbali imodzi, pokhota kapena pokwera. Kamadzazidwa m'njira ziwiri. Pansi pake pali kavalavu ka labala kolola mafuta kulowa koma osatuluka. Palinso jet pump, kamphuno kopanda mota, kamene kamagwiritsa ntchito mafuta othamanga ochokera ku pampu kapena ku regulator (valavu yoletsa presha kupitirira muyezo) kukokera mafuta ena m'kachidebemo. Zonse zikakhala bwino kachidebe kamakhala kodzaza ngakhale m'thanki mwatsala malita 5.

Tsono taganizirani jet pump yatsekeka, kapena kavalavu kauma n'kupindika. Thanki ikadzaza simungadziwe, chifukwa mafuta amalowa kudzera pamwamba pa kachidebe. Akatsika kupitirira mulomo wa kachidebe, kachidebeko kamayamba kudalira zinthu ziwiri zakufa zija. Pa msewu woongoka zimatheka. Pa kona yaitali mafuta amathawa, pampu imameza mpweya, presha imagwa, injini imazima. Mukaima mafuta amabwerera, galimoto imalira. Mota ya pampu ingakhale yabwinobwino. Munthu akagula mota yokha n'kuibwezera m'kachidebe komweko, vuto limakhala pomwepo.

Wophunzira:
Ndiye ndikatsegula ndiyang'ane chiyani ndi chiyani, bwana?

WaToyota:
Musanatsegule muyeze presha, a Madala afotokoza. Koma mukatulutsa module yonse, kutanthauza pampu pamodzi ndi kachidebe ndi chivindikiro chake, musathamangire kuimasula. Poitulutsa onani ngati kachidebe katuluka ndi mafuta. Kaikeni pa tebulo choongoka, muthiremo petulo, mudikire mphindi ziwiri kapena zitatu. Akamadontha pansi msangamsanga, kavalavu kapita.

Kenako kasefa. Katsopano kamakhala koyera. Kakakhala kabulawuni kwambiri, kouma, kophwatalala kapena kong'ambika, kasintheni. Kong'ambika ndiye koipa kwambiri, chifukwa mchenga walowa kale m'pampu.

Chachitatu ndi kapaipi kochokera pa pampu kukwera ku chivindikiro cha module. Kakang'aluka, mafuta ena amabwerera m'thanki osafika ku injini. Kakapindeni pang'onopang'ono mukuyang'ana ming'alu, makamaka pafupi ndi zomangira. Pa module zina pampu imalowa m'chisa chokhala ndi O-ring m'malo mwa paipi. O-ring imeneyo ikauma zotsatira zake n'zomwezo. Mukasintha paipi ya m'thanki musaike paipi wamba ya mafuta. Yakunja ija inapangidwa kuti ipirire petulo m'kati mokha, kunja kwake ikamizidwa imafufuma n'kusweka. Yoyenera kumira imalembedwa SAE 30R10.

Pomaliza suzumirani m'thanki ndi tochi ya LED. Onani pansi pomwe pamakhala kachidebe. Thanki yomwe inagunda mwala imatha kutukuka m'kati n'kufinya kasefa kapena kupendeketsa module.

Madala a Garaja:
Za presha. Mufunika geji yofika ma bar 7 kapena kuposa, ndi T yolumikizira pa paipi yolowa ku rail (paipi yogawira mafuta ku ma injector) ngati galimotoyo ilibe valavu yoyezera. Musanamasule chilichonse chotsani presha: zulani fyuzi kapena relay ya pampu, lizani injini mpaka izime yokha, zungulitsani sitata masekondi atatu, kenako kulungani nsanza pa joini pomasula.

Injini zambiri za ma injector wamba zimagwira pakati pa ma bar 3 ndi 4. Mwachitsanzo injini ya 1NZ-FE ya Toyota buku lake limati 304 mpaka 343 kPa (100 kPa ndi bar imodzi), ndipo mukazimitsa, pakatha mphindi 5 presha isatsike pansi pa 147 kPa. Galimoto iliyonse ili ndi nambala yake, ifuneni.

Cholakwika chachikulu ndi kuyeza pa idle pokha (injini ikulira osaponda moto) n'kunena kuti pampu ili bwino. Pa idle injini imamwa mafuta ochepa kwambiri, mwina lita imodzi pa ola, kotero kuti ngakhale pampu yotopa kapena fyuluta yotsekeka theka imaonetsa presha yabwino. Geji iikidwe poti wina aziiona galimoto ikuyenda, kunja kwa galasi, osati paipi ya petulo kulowa m'kabini. Muyeze kawiri, thanki ili pa kotala ndiponso itathiridwa.

Muvi wa geji umalankhula. Ukamatsika pang'onopang'ono pamene mukuponda moto n'kubwerera mukachotsa phazi, mafuta akuperewera: fyuluta, kasefa, pampu yofooka kapena magetsi ochepa. Ukamagwa mwadzidzidzi n'kumanjenjemera pa kona kapena pa bampu, pampu ikumeza mpweya. Ukakhala chilili pamene injini ikudukiza, siyani za mafuta, kafuneni ku moto wa mapulagi.

Muyezenso kuchuluka. Lozetsani paipi m'botolo loyezera, yendetsani pampu masekondi 30. Pa galimoto zing'onozing'ono theka la lita ndiye malire a pansi. Pampu yathanzi imaposa pamenepo. Muyang'anenso mafutawo akamatuluka: akakhala ndi thovu, mpweya ukulowa penapake.

Amayi a Mawaya:
Pepani ndilowererepo, Madala. Kuyesa kwanu kothira malita 20 n'kwabwino, koma kuli ndi msampha umodzi. Mafuta omwe mwathirawo ndi ozizira. Pampu imaziziritsidwa ndi mafuta odutsa m'kati mwa mota yake, komanso oizungulira. Pa galimoto zokhala ndi paipi yobwezera, mafuta amapita ku injini, amatentha, n'kubwerera m'thanki. Akakhala malita 6 okha amazungulira kambirimbiri n'kutentha msanga. Pampu yomwe ma brush ndi commutator zake (tizigawo tolowetsa magetsi m'mota) zadyeka imayamba kufooka ikatentha, ndipo petulo wotentha amasanduka nthunzi pakamwa pa pampu, makamaka kasefa kakakhala kothina. Ndiye mukathira mafuta ozizira vuto n'kutha, simunasiyanitse pakati pa kachidebe ndi pampu yotopa.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Thanki ili pa kotala, yesani m'mawa galimoto isanatenthe. Ikazima pa kona yoyamba mafuta akadali ozizira, ndi nkhani ya kumeza mpweya. Ikayenda bwino mphindi 30 kapena 40 kenako n'kuyamba kufooka ngakhale pa msewu woongoka, pampu n'kumalira mokweza ngati njuchi, ndi nkhani ya kutentha.

Madala a Garaja:
Mwalasa, amayi. Pitirizani ndi za magetsi, ndi munda wanu umenewo.

Amayi a Mawaya:
Pampu zambiri zabwinobwino zimatayidwa chifukwa palibe amene anayeza magetsi ofika pa izo. Kuzula pulagi n'kuona 12 V sikukuuzani kanthu, chifukwa kawaya kotsala ulusi umodzi kamaonetsanso 12 V pakakhala palibe katundu. Yezani pulagi ili yolumikiza, pampu ikuyenda. Mita mbali ina pa pozitivu ya batire, ina pa waya wa pozitivu pa pampu: kusiyana kusapitirire 0.5 V. Chitaninso ku mbali ya ethi, kuchokera pa waya wa ethi wa pampu kufika pa negativu ya batire: kumeneko kukhale kochepa kuposa pamenepo. Mukapeza volt imodzi kapena ziwiri zikusowa, yang'anani relay yopsa m'kati, miyendo ya fyuzi, ethi ya dzimbiri, ndi pulagi ya pamwamba pa thanki. Pini ikakhala yakuda ndipo pulasitiki yasungunuka mozungulira, pampu yatsopano idzapsereza pomwepo mukapanda kusintha pulagi. Chenjezo limodzi: galimoto zina zili ndi resistor kapena module yochepetsera liwiro la pampu pa idle, ndiye kuona 8 kapena 9 V pamenepo si vuto. Dziwani kaye mtundu wa waya wa galimoto yanu.

Tsopano ma amp, omwe amayankha mwachindunji funso la fyuluta kapena pampu. Pampu ya injini ya ma injector wamba imakoka ma amp apakati pa 4 ndi 8. Presha ku rail ikakhala yotsika koma ma amp ali pamwamba, pampu ikukankha chinthu chotsekeka kutsogolo kwake: fyuluta kapena paipi yophwanyika. Presha ikakhala yotsika ndipo ma amp nawonso ali pansi, pampu ikuzungulira yopanda katundu: kasefa katsekeka, ikumeza mpweya, paipi ya m'thanki yang'aluka, kapena m'kati mwake mwadyeka. Malo osavuta kuyezera ndi pa fyuzi ya pampu.

Amene ali ndi oscilloscope (makina ojambula mafunde a magetsi) ndi clamp yoyezera ma amp aone mafunde a ma amp. Pampu zambiri zili ndi magawo 8 pa commutator, ndipo mafunde ake amayenera kufanana. Limodzi mwa 8 likamagwa pansi mobwerezabwereza, gawo limenelo lafa, ndipo tsiku lomwe mota idzaime pa gawo lomwelo galimoto sidzalira.

Sipana Teni:
N'chifukwa chake kumenya thanki kumathandiza eti?

Amayi a Mawaya:
Eya. Wina azizungulitsa sitata, wina amenye pansi pa thanki ndi chikhatho kapena hamala ya labala. Kugwedezekako kumasuntha mota kuchoka pa gawo lakufa. Ikalira, mwadziwa kuti ndi pampu kapena pulagi yake. Koma ikapanda kulira sizitanthauza kuti pampu ili bwino. Hamala yachitsulo ayi.

WaToyota:
Pa zomvetsera pampu: anthu amati tembenuzani kiyi pa ON mumve kulira kwa masekondi awiri. Pa galimoto zambiri n'zoona. Koma pa Toyota zambiri, makamaka zakale, pampu siyenda pa ON, imadikira sitata. Musaiweruze kuti yafa chifukwa cha chete ameneyo. Pa zakalezo, m'kabokosi ka diagnosis ka mu boneti muli mabowo olembedwa Fp ndi +B. Mukawalumikiza ndi kawaya kiyi ali pa ON pampu imayenda. Pa zatsopano mumaiyendetsa ndi makina. Pa Ford zambiri palinso inertia switch yodula pampu galimoto ikagunda; bampu yaikulu imatha kuidula, ndipo imangofuna kudina batani.

WaMakina:
Amene ali ndi makina a OBD, owerenga kompyuta ya galimoto, asaiwale fuel trim, nambala yoonetsa mmene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa mafuta. Long term ikapitirira +10 peresenti, kompyuta ikuwonjezera mafuta chifukwa ikuona kuti akuchepa. Chofunika ndi kuona pomwe ikukwerera. Ikakhala pamwamba pa idle n'kutsika mukakweza ma rev, ndi mpweya wolowa mozemba pa manifold, osati pampu. Ikakhala bwino pa idle n'kumakwera mukaponda moto pa msewu, mafuta akuperewera, kapena MAF, sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini, ndi yakuda. Makodi omwe amabwera ndi P0171, kusakaniza kopanda mafuta okwanira, P0300, kudumpha kwa masilinda osiyanasiyana, P0087 pa galimoto zoyeza presha ya rail, ndi P0230 ya waya wa pampu. Musafufute kodi musanawerenge freeze frame, manambala omwe kompyuta inasunga pomwe kodi inalowa. Pa galimoto zambiri imasunganso kuchuluka kwa mafuta m'thanki pa nthawi yomwe kodi inalowa. Ikamaonetsa 12 kapena 18 peresenti nthawi zonse, umboni ndi umenewo.

Sipana Teni:
Nanga geji yonama? Zimachitika kuti ikuloza kotala pomwe thanki yauma.

Madala a Garaja:
Funso labwino, ndipo n'lotchipa kuyankha. Galimoto ikazima geji ili pa kotala, dzazani thanki muwerenge malita omwe alowa. Thanki ya malita 45 ikalandira 43, panalibe vuto la pampu, mafuta anatha. Kamkono ka choyandama kapindika, kakukodwa, kapena mizere ya resistor yadyeka. Zimachitika kawirikawiri wina akangosintha pampu n'kubwezera module mokhotetsa.

Pali mtundu wina wa thanki umene umasokoneza anthu. Galimoto zambiri zoyendera matayala akumbuyo kapena onse anayi, monga BMW E46 ndi Subaru Forester, thanki yake imakhala pamwamba pa propshaft (shafti yopita ku matayala akumbuyo) ngati chishalo, ndi matumba awiri. Pampu ili mbali imodzi, ndipo jet pump ndiyo imasamutsa mafuta kuchoka mbali inayo. Ikasiya kugwira, mbali ya pampu imauma pomwe inayo ili ndi malita 10 kapena 15, ndipo geji sikunama ikamati kotala. Tsegulani zivindikiro zonse ziwiri pansi kapena kuseri kwa mpando wakumbuyo muone. Kumbukiraninso kuti jet pump imadalira mphamvu ya pampu yaikulu, kotero pampu yofooka kapena fyuluta yothina imatha kuifooketsa. Apa ndi pomwe fyuluta imatha kukhudzana ndi nkhani ya kotala, ndiye mawu anga oyamba aja musawatenge ngati lamulo losasweka.

Wophunzira:
Ndamva zoti nthawi zina ndi chivindikiro cha thanki. Zoona?

WaToyota:
N'zotheka. Mafuta akamatuluka mpweya uyenera kulowa m'malo mwake. Njira ya mpweya ikatsekeka, kaya pa chivindikiro kaya pa canister ya makala, m'thanki mumapangika vacuum ndipo pampu imalimbana nayo. Vuto limakula ulendo ukamatalika, ndiye limaoneka ngati la mafuta ochepa. Galimoto ikayamba kufooka imani, tsegulani chivindikiro. Kamluzu pang'ono n'kachibadwa, kawirikawiri ndi nthunzi ikutuluka. Koma ikakoka mpweya mwamphamvu kwa nthawi, thanki n'kumveka phokoso pobwerera m'malo, kenako galimoto n'kuyenda bwino, mwachipeza.

WaDizilo:
Ine ndilankhulepo za dizilo, chifukwa owerenga ena atenga malangizo a petulowa n'kukawaika pa Hilux.

Pa dizilo zambiri m'thanki mulibe pampu yamagetsi. Pampu ya Bosch VE ili ndi kapampu kokoka m'kati mwake, ndipo pampu ya Denso HP3 ya pa injini za Toyota za 1KD ndi 2KD nayo imadzikokera yokha kuchokera ku thanki kudzera pa fyuluta. Ndiye paipi yonse kuchokera ku thanki ili pa vacuum. Pamene pa petulo bowo limatulutsa mafuta n'kuoneka, apa bowo limalowetsa mpweya osadontha kanthu. Thanki ikadzaza, kulemera kwa mafuta kumathandiza kukankha, vacuum imachepa, bowolo silivutitsa. Mafuta akatsika pampu imakoka mwamphamvu, mpweya umalowa wambiri. Kapaipi kachitsulo kokokera m'thanki nako kamatha kubooka ndi dzimbiri chapakati: mafuta akakhala pamwamba pa bowo zili bwino, akatsika pansi pake imakoka mpweya, ndipo izi zimachitika pa mlingo womwewomwewo wa geji nthawi zonse.

Pa dizilo fyuluta ndiyo woganiziridwa woyamba, mosiyana ndi petulo, chifukwa ili ku mbali yokoka ndipo ndi yothina kwambiri, ya common rail (dizilo zamakono zoyendetsedwa ndi kompyuta) ma micron 2 mpaka 5. Pampu ya pamanja ya pamwamba pa fyuluta imakuuzani zambiri. Ikamira pansi injini ikuyenda n'kukana kubwerera, kutseka kuli kumbuyo kwake, ku thanki kapena m'paipi. Mukaipopa kambirimbiri osalimba, mpweya ukulowa, ndipo kawirikawiri ndi labala ya pampu ya pamanjayo kapena O-ring ya sensa ya madzi pansi pa fyuluta.

Ikani kapaipi koonekera m'kati pakati pa fyuluta ndi pampu, kenako pakati pa thanki ndi fyuluta. Thovu likaoneka pambuyo pa fyuluta pokha, wolakwa ndi mutu wa fyuluta. Likaoneka mbali zonse, bwererani ku thanki. Kuyesa kothetsa makani ndi kumwetsa injini kuchokera m'chigubu cha dizilo woyera molunjika pa fyuluta. Ikayenda bwino, vuto lili m'thanki kapena m'paipi. Paipi yobwezera muilozetsenso m'chigubumo, apo ayi chiuma m'mphindi zochepa.

Sipana Teni:
Nanga ikauma mafuta n'kuzimiratu, popopa mpweya timamasula mapaipi a ma nozulo monga kale?

WaDizilo:
Pa injini zakale za pampu ya VE kapena inline, monga 1HZ kapena 5L, inde. Popani pamanja mpaka kulimba, masulani manati a pa ma nozulo pang'ono, zungulitsani mpaka dizilo atuluke opanda thovu, mangani. Pa common rail ayi ndithu. Presha yake imafika ma bar 1,600 mpaka 2,000 ndi kuposa, imaboola khungu, ndipo mapaipi ake ambiri sayenera kumangidwa kawiri. Popani pamanja, kapena ngati ili ndi pampu yamagetsi tembenuzani kiyi pa ON masekondi 30 kanayi kapena kasanu musanalize. Sitata isapitirire masekondi 15, ipumule mphindi imodzi. Injini imafuna ma bar 200 mpaka 300 pa rail kuti kompyuta itsegule ma injector, ndipo makina amakuonetsani ngati ikufikako.

Kuumitsa thanki pa common rail n'koopsa chifukwa dizilo yemweyo ndiye mafuta ofewetsera pampu ya presha. Pampu ya Bosch CP4 imadziwika kuti sipirira mpweya ndi madzi. Ikayamba kudyeka imatumiza tizitsulo ku rail, ku ma injector, mpaka kubwerera m'thanki. Choncho fyuluta yakale musamangoitaya. Khuthulirani zam'kati mwake m'botolo loonekera, muidule muone pepala. Madzi adzadikha pansi. Zakuda zoterera ngati mamina ndi tizilombo tomera pomwe madzi akumana ndi dizilo, thanki iyenera kutsukidwa. Tonyezimira ngati siliva ndi pampu ikudzidya. Pamenepo musalizenso injini. Ndipo fyuluta yatsopano musaidzaze ndi dizilo wa m'chigubu kudzera pa bowo la pakati, chifukwa imeneyo ndi mbali yoyera, zonse zomwe mwathira zipita ku ma injector osasefedwa.

Wophunzira:
Zikomo kwambiri nonse. Funso lotsiriza: zikapezeka kuti ndi pampu, ndisinthe mota yokha kapena module yonse? Nanga fyuluta?

Madala a Garaja:
Kachidebe, kavalavu, jet pump ndi pulagi zikakhala bwino, mota yokha ndi yokwanira, koma ipite ndi kasefa katsopano nthawi zonse, ndipo ikhale ya presha ndi kuchuluka koyenera injini imeneyo, osati yongofanana maonekedwe. Chimodzi mwa zinayizo chikakhala chokayikitsa, module yonse. Fyuluta isinthidwe limodzi, chifukwa fyuluta yothina ndi imene imapha pampu yatsopano. Pa galimoto zambiri zopanda paipi yobwezera musaifune pansi pa galimoto, ili m'module momwemo pamodzi ndi regulator. Ya kunja ili ndi muvi woloza ku injini, ndipo ngati imamangidwa ndi banjo bolt, mawasha akopa akhale atsopano mbali zonse ziwiri.

Amayi a Mawaya:
Pogwira ntchitoyo chotsani negativu ya batire, zitseko zonse zikhale zotsegula, chozimitsira moto chikhale pafupi. Thanki yotsala pang'ono kuuma ndi yodzaza nthunzi, ndipo nthunziyo ndi imene imayaka. Osayesa pampu pogunditsa mawaya pa batire pafupi ndi thanki yotsegula, komanso osaiyendetsa youma kupitirira sekondi imodzi kapena ziwiri.

WaToyota:
Musanamasule mphete ya pamwamba, pukutani fumbi lonse lozungulira, ndipo lembani chizindikiro pomwe module yaloza. M'thanki mukakhala zinyalala, tsitsani thanki itsukidwe ndi kuuma; kasefa katsopano m'thanki yakuda sikachedwa kutsekekanso. Pobwezera lowetsani kamkono ka choyandama koyamba, kasakhudze khoma. Labala ya pakamwa pa thanki ikhale yatsopano, muikhazike pa thanki kaye kenako module, isapindike. Yendetsani pampu kangapo musanalize, muyang'ane ngati pali podontha mpando usanabwerere. Poyesa pa msewu musadzaze thanki. Isiyeni pa kotala pomwepo, mukakhote kona ija ndi kukwera mtunda uja geji ya presha ikadali yolumikiza.